Khutu Logula

Miyezi inayi ndinkaponya timakwacha m'chitini cha mkaka,
totsala pa malipiro a m'kakhumbi kanga pa Kapata,
momwe ndimawerengera anthu ndalama zawo za pafoni
mpaka zala kuda.

Loweruka ndinakwera njinga ya hayala
kukafika kwa a Gastoni Shawa ku Down Shops.
Anandiyalira maikolofoni zitatu pa galasi.
Yoyamba, anati, ndi ya oimba pa siteji,
ngakhale igwe siifa,
koma kuti ikumve, uchite kuipsompsona.
Yachiwiri ndi kondensa yeniyeni, yobwera pa basi ya ku Lusaka.
Atatchula mtengo ndinaseka:
lendi yanga ya miyezi itatu, kuphatikiza madzi.
Yachitatu, kondensa nayonso,
mutu wagolide wonamizira, katoni yophwanyika pakona.
Iyi payokha ndi bubu, anatero,
imafuna kabokosi koipatsa mavoti makumi anayi ndi asanu ndi atatu
ndi chingwe cha mano atatu.
Koma ikadzuka, mayi, imamva zonse.

Yobe, mlongo wanga, anali atandichenjeza kale
kuti chotchipa umachigula kawiri.
Ndinayang'ana ya ku Lusaka ija nthawi yaitali.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Ndinakhuthula chitini,
a Shawa anachotsako makwacha makumi atatu chifukwa cha katoni,
ndipo kobwerera ndinayenda wapansi.

Situdiyo ndi kuchipinda kwanga ku Mchini.
Bulangete pakhomo, matiresi choimirira kukhoma,
matireyi a mazira opempha kwa Esinati,
sokosi yakale yokoka pa waya
kuti mpweya wa p ndi ph usamaiwombe kumaso.

A Shawa sananame.
Inamva chigayo cha kwa a Daka,
firiji ya neba kuseri kwa khoma,
malata akudziwongola dzuwa litapendeka,
mimba yanga ikufunsa za nkhomaliro.
Inamva kuti dzino langa lobenthuka
limaimba kamluzu ndikamati sss,
chinthu chomwe kwa zaka makumi atatu
palibe anandiuzapo.
Pansi pa zonsezo inali ndi phokoso lakelake,
kamvula kakutali kosafika,
msonkho wa mtengo wake.

Ndinaphunzira kudikira.
Magetsi akabwera cha m'ma thu koloko usiku,
agalu atatopa, mabala atatseka,
ndimaima chikhatho chimodzi kuchoka pa sokosi,
nkuchepetsa kabatani, nkupuma ngati wakuba.

Ntchito yoyamba inali yolengeza malonda
a sitolo ya mbewu ya ku Katete:
bzalani msanga, mvula siidikira munthu,
feteleza alipo, bwerani ndi thumba lanu.
Ndinabwereza kasanu ndi kawiri.
Pomvetsera, mahedifoni ali m'makutu,
ndinapeza mawu ena pansi pa anga,
ang'ono, ochedwa pang'ono, opanda mano akutsogolo.
Kambani.
Ndinamusiya ali m'tulo,
koma anali kuseri kwa matiresi, m'bulangete mwake,
akunong'ona nane mzere uliwonse,
mpaka kamluzu kanga ka sss kutengera.

Mwini sitolo ndinamutumizira ina, yoyera.
Analipira mochedwa, anadandaula za kamvula kaja,
komabe analipira.
Ya Kambani ili mufoni mwanga,
ndimaimvera pa Kapata makasitomala akasowa.

Dzana a Shawa anadzatapa ndalama pakakhumbi.
Ya ku Lusaka ija ikadalipo, anati,
ndikusungireni?
Ndinawawerengera makwacha awo kawiri.
Sungani, ndinatero, chitini chayambanso kulira.
Nanga yagolide ija ikugwira?
Ikugwira, bambo.
Vuto lake ndi lomwe munanena lija.