Masiku Atatu

Anamata kapepala pakhomo la laibulale
Lolemba m'mawa, chiperoni chitakuta phiri la Soche.
Ngodya imodzi sinagwire, inkangopepeluka ndi mphepo.
Tinawerenga titapanikizana ngati m'minibasi ya ku Limbe:
chaka chino a Folomu Folo
sapatsidwa masabata awiri okawerengera kunyumba.
Masiku atatu okha. Otsalawo
belu likalira, aliyense pa desiki pake.

Phokoso linabuka pomwepo.
Lekeleni anamenya khoma ndi chikhatho:
"Kodi akutiyesa ana a sukulu ya mkaka?"
Iyeyu kwawo ku Kanjedza ali ndi chipinda chakechake,
tebulo, nyale ya sola, chitseko cha kiyi.
Akuti m'kalasi mutu wake sugwira,
anthu makumi asanu ndi awiri kupumirana,
uyu akutsokomola, uyo akubwereka lula.
Ndipo sakunama. Ndinamuonapo ali yekha pansi pa mtengo
akusenda masamu ngati nthochi.

Ine ndinakuwa nawo, kuopa kuloza zala.
Koma mumtima ndinkawerengera zina.

Masabata awiri a ku Chilobwe ndimawadziwa.
Achemwali anga anawalandirapo chaka chijachi.
Tsiku loyamba anatsegula buku la Bayoloje.
Lachiwiri mpopi unauma, ndowa zinakandanda kukiyosiki.
Lachitatu mayi anati, "Poti ulipo,
tandikhalira pa benchi ndikaode tomato."
Poti ulipo.
Mawu awiri amenewo anadya mitu isanu ndi umodzi ya buku lija,
osasiyako ndi nyenyeswa.
Palibe amene anawalakwira.
Mwana akalira umamubereka,
makala akatha umakagula,
magetsi akazima umadikira, kandulo ndi ndalama.
Lero amasoka pakhonde la sitolo ku Zingwangwa.
Siketi ndavalayi ndi yawo ntchito,
mpendero wake wowongoka kuposa mizere ya m'kope langa.

A Matewere pa asembule sanatchule za benchi.
Anati chaka chatha ena anakapezeka kuvidiyo,
wina akupalasa kabaza ku Chimwankhunda,
awiri sanabwerenso ngakhale tsiku la mayeso.
Anati ndife mbuzi zofunika chingwe.
Zinandiwawa, poti ine sindine mbuzi,
koma chingwecho ndinkachifuna.
Ndani angamvetse zimenezo
ngati inenso ndimazinena monong'ona?

Lachinayi Lekeleni anayendetsa pepala la madandaulo
pansi pa madesiki, mayina akuchuluka ngati nyerere.
Litafika pa ine ndinagwedeza bolopeni,
ndinaipumira mpweya, ndinati inki yauma ndi kuzizira.
Anandipatsa yake.
Ndinalemba dzina langa tizilembo tating'ono
pansi penipeni, pomwe pepala linanyowa ndi thukuta la manja.
Ndikhululukireni nonse awiri,
iwe Lekeleni, ndi iwe mtsikana wa ku Chilobwe.

Pepala linapita ku ofesi, silinabwerenso.

Ndiye tili pano, Juni akulowera pazenera losweka.
Aphunzitsi ena amabwera, ena amangotumiza choko.
Kumbuyo anyamata akukangana za mpira.
Lekeleni waika thonje m'makutu,
nkhope yake ngati munthu wolipira ngongole ya mnzake.
Ine ndapinda miyendo pansi pa desiki yolembedwa mayina a anthu akale,
ndili pa mutu wachisanu ndi chiwiri,
pamene achemwali sanafike.
Mtima uli ndi zipinda zinayi, likutero buku.
Ndikufunako chimodzi, cha kiyi.

Dzulo usiku mayi akutsuka mbale anafunsa,
"Masiku atatu aja ayamba liti?"
Ndinaona maso awo akuyenda pa kalendala ya kutchalitchi,
chala chonyowa chikuima pa tsiku la msika.
Sindinayankhe.
M'mawa uno ndapita kwa a Sikelo, alonda a pageti,
ndi mandasi awiri m'pepala,
kukafunsa ngati loko ya Folomu Folo B
imatsekadi, kapena imangopachikidwa.