Chimbale Chachiwiri, ku Marikina

Mvula ya Ogasiti yatsekera anthu m'shopu yathu yochapira zovala,
mumsewu wotsikira kumtsinje, kuno ku Marikina.
Makina anayi akuzungulira, achisanu anafa chaka chatha.
Ine ndili pa simbi,
Amihan Villarosa akuyimba m'kasipika kolendewera pamsomali:
chimbale chake chachiwiri, nyimbo khumi ndi imodzi,
zonse zoyenda monyang'ama
ngati munthu wosenza ndowa yodzaza mpaka m'milomo.

Anayamba ndi Mang Doroy, woyendetsa jipini.
"Choyamba chija chinali ndi fumbi," akutero,
"gitala imodzi, chitseko cholira,
galu wa aneba akuuwa pa nyimbo yachitatu,
ndipo galuyo anamusiya momwemo!
Ichi achichapa mopyola. Chikununkhira sopo wanuyu."

Marivic, namwino wa usiku, sanadzutse ndi mutu womwe.
Akupinda mayunifomu ake, maso ali psuu.
"Inu mumafuna azikhalabe m'kachipinda ka lendi
kuti muzimumvera chisoni.
Mtsikana wagula piyano, mwati walakwa?
Yachisanu ija ndimayimvera pakhonde la wodi
nthawi ya fili koloko, odwala akagona.
Siyinditonthoza ayi.
Imangokhala nane pabenchi."

"Mavayolini achuluka," akutero Jomar,
mwana wa kukoleji amene amachapa kamodzi pamwezi.
Akuti anawerenga ndithu:
mawu oti *mawa* akupezeka kasanu ndi kawiri,
mawu oti *pepa* sakupezekamo n'kamodzi komwe.
Akuti wina anamuuza woyimbayo kuti misozi imagulitsa,
iye n'kutsegula mpopi.
Akunena izi kwinaku phazi lake likugunda pansi,
mogwirizana ndi nyimbo imene akuinyozayo.

Aling Consorcia, eni shopu, akuwerenga makobidi m'chitini.
Iwo mlandu wawo ndi umodzi:
nyimbo zozizira zimachedwetsa makasitomala.
Zovala zauma kalekale, munthu ali duu,
kuyang'ana galasi la makina opanda kanthu.
"Chisamba amachiyamikira ngakhale chikhosomole," akutero,
"wachiwiri amabadwira m'nsapato za mkulu wake.
Ndabereka asanu ndi mmodzi, ndikudziwa."
Kenako afunsa ngati wina waona makiyi.

Palibe wandifunsa ine.
Wosita sakhala ndi maganizo, amakhala ndi nthunzi.

Koma pali malo ena pa nyimbo yachisanu ndi chinayi,
mavayolini onse atakhala chete,
pamene iye akukoka mpweya molakwika,
pakati pa liwu, osati kumapeto kwake,
ngati wakumbukira chinthu chimene sanalembe.
Kamphindi kosakwana kuphethira.
Mwamuna wanga amapuma choncho pafoni
akamayimba ali pasitima, kuseri kwa nyanja ya Indiya,
ndikamufunsa kuti abwera mwezi uti.
Zaka zinayi tsopano. Amati, "Posachedwapa,"
ndipo mpweya uja umadula liwulo pakati.

Tsiku loyamba kuimva ndinawotcha kolala ya malaya a munthu,
ndinalipira mapeso mazana awiri a m'thumba mwanga.

Sindikudziwa ngati chimbalechi n'chabwino.
Nyimbo yachiwiri ndi yayitali ngati mzere wa kubanki,
yomaliza ndimaidumpha.
Mwina Doroy akunena zoona za galu uja.

Mvula yachepa. Jomar wanyamula thumba lake,
Marivic wagona chokhala, chibwano pachifuwa.
Doroy waima pakhomo, akuyang'ana madzi m'ngalande
ngati akuyeza kuti jipini idutsa.
Sakutuluka.
Wakanda kumutu, watsokomola,
n'kunena, osandiyang'ana:
"Tabwezerani ija ya nambala naini.
Ndikufuna ndimvetsetse pamene analakwitsapo."