Sipuni Zitatu

Lachiwiri amakuika diripi ku Gulupu,
Lachitatu nyumba yonse imasanduka fungo.
Sopo wanga akununkha, umatero.
Bulangete likununkha. Madzi a pampopi akumveka dzimbiri.
Ngakhale ine, mwamuna wako wa zaka makumi awiri ndi zinayi,
ndikayandikira umatembenukira kukhoma.

Delifa, iwe unkakazinga mandasi
pamsika wa Zingwangwa kusanache,
mafuta akukuthethekera m'mikono, iwe osaphethira.
Lero chiwaya cha kuseri kwa mpanda chikangolira
mimba yako imayankha.
Ndinapita kwa a Nankhoma, chipewa m'manja,
kukawapempha kuti usipa wawo azikazingira kutali ndi windo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, osanena kanthu.
M'mawa mwake mbaula inali itasamuka.

Ndaphunzira zambiri imvi zili kale kumutu:
kuti piritsi la nseru limamwedwa nseruyo isanadzuke,
kuti phala lizizire kaye, lotentha limanyamula fungo,
kuti sipuni yachitsulo imakuwawa m'kamwa.
Ndiye ndimakudyetsa ndi yapulasitiki ya mdzukulu wathu,
yobiriwira, yolumidwalumidwa kunsonga.
Jinja ndimamusinja ndi botolo.
Ndimu ndimayenda naye m'thumba la jekete, wodula pakati,
kuti uzinunkhiza minibasi ikaima pa Jinale Kona
utsi ndi fungo la chipisi zikulowera pawindo.

Dzulo unameza sipuni zitatu.
Ndinalemba m'kope la miyeso,
pansi pa chiuno cha kasitomala
amene suti yake sindinayambe n'kudula komwe:
zitatu, sizinabwerere.
Lero ziwiri, ndipo zabwerera zonse
m'beseni lija tinalandira pa ukwati.

Namwino anati ndisamakukakamize.
Koma dzanja langali ndi lagonthi,
limangonyamuka lokha.
Madzulo unandikalipira:
Ndisiyeni, a Fulayisoni, ine si mwana.
Ndinatuluka n'kukaima pakhonde,
chiperoni chitameza phiri lonse la Soche,
ndikutafuna buledi wouma mobisa ngati wakuba,
pakuti masiku ano njala yanga ndimachita nayo manyazi.

Cha m'ma folo koloko unandigwedeza phewa.
Ndikufuna chinangwa chootcha, unatero, chamchere.
Magetsi anali atazima.
Ndinanyamula mbaula mpaka kumsewu
kuti utsi usakupeze,
agalu a kwa aneba akundiuwa ngati sakundidziwa,
ine ndikupemerera makala ndi chivindikiro cha poto,
ndikuseka ndekha mumdima
chifukwa patha milungu itatu
usananenepo mawu oti ndikufuna.

Pobwera ndakupeza uli m'tulo,
duku litavuka, mutu wako wosalala uli pa pilo wanga.
Sindikudzutsa.
Chinangwa ndachikulunga m'kansalu kotsala ku diresi la wina,
ndachiika pampando, pambali pa beseni.
Ukadzuka mwina uchifunabe,
mwina ayi.
Mchere uli m'dzanja langa, wayamba kunyowa.