Mayina a Dziwe la Sabitri

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pompano,
ine ndi taipi yanga yoguluka dzino limodzi,
pansi pa lona, moyang'anizana ndi chipata cha khoti la ku Cuttack,
pamene akhwangwala amadziwa loya aliyense ndi kayendedwe kake.
Ndimalembera anthu zowawa zawo.
Tsamba limodzi, marupi makumi atatu.

Tsiku loyamba Sabitri Mohanty anati ndi nkhani chabe.
"Kankhani ka dziwe," anatero,
akumasula mfundo ya kumapeto kwa sari
momwe munali ndalama zonunkha utsi.
Mlamu wake Bhagirathi anasendeza mpanda usiku,
mapazi asanu ndi awiri,
kutacha nsomba zonse zinali zake.
Nkhani, paja, imakambidwa, imatha,
anthu n'kumwera tiyi pamodzi.

Ine ndinalemba kuti dandaulo.
Ndiwo mawu amene ndimagulitsa.

Kalaliki analandira pepala osadzutsa mutu,
anadinda, analipatsa nambala,
ndipo potuluka pawindo paja
linali litasanduka mlandu.
Mlandu ndi nkhani yovala nsapato:
sikhalanso pakhonde,
imakwera basi m'bandakucha, imalipira, imadikira pabenchi.

Loya wa Sabitri anati ndi kulanda.
Loya wa Bhagirathi anati ndi kusamvana kwa pachibale,
akupukuta magalasi ndi mkanjo wake wakuda.
Kumudzi kwawo anati ndi mkangano,
ndipo ukwati uliwonse unkaphika miphika iwiri.
Wansembe wa kukachisi anati ndi tsoka.
Bhagirathi yekha, pogula tiyi pambali pangapa,
sankatchula dzina.
Ankangoti, "Zija zafika pati?"

Woweruza woyamba anapuma pantchito.
Wachiwiri anamusamutsa.
Wachitatu anaitanitsa mapu,
mapu n'kupezeka kuti chiswe chinayamba kale kuwazenga.
Mboni imene inaona mpanda ukuyenda usiku
inachita khungu, kenako inaiwala,
kenako tinamva kuti yapita.

Amati mlandu suola. Zoonadi.
Chimaola ndi pepala,
ndi ulusi womangira mafayilo,
ndi mawondo a mayi wokwera masitepe aja
kasanu pachaka
kukamva mawu amodzi omwewo: wayamba waimitsidwa.
Mawu amenewo ndawataipa
mpaka zilembo zake zafufutika pansi pa zala zanga.

Sabitri anagulitsa zibangili kuti asume.
Anagulitsa ng'ombe kuti achite apilo.
Chaka chimene mtsinje wa Mahanadi unasefukira,
madzi anatenga mpanda, nsomba, ndi malire omwe,
koma fayilo inali pashelefu yapamwamba.
Sinanyowe.

Iye anamwalira Lachitatu.
Lachisanu anamuitana katatu pakhomo la khoti,
ndipo analemba kuti wodandaula sanabwere.

Lero kwabwera mwana wake, Prafulla,
imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu,
atanyamula chikwama chomwecho cha pulasitiki.
Iye akuti ndi cholowa.
Ena amasiyirana minda.

Kumbuyo kwake kwaima Minati, mwana wa Bhagirathi,
nayenso ndi chikwama chake.
Abwera pa basi imodzi, pansi pa ambulera imodzi,
poti mvula sinafunse wodandaula ndani, woyankha ndani.
Dziwe lija, akuti, tsopano ndi chigwa cha udzu
chomwe mbuzi za anthu ena zimadyamo.
Akufuna ndiwalembere kuti zithe.

Ndalowetsa pepala. Ndawongola.
Pamwamba pali mpata wofunsa mtundu wa nkhani.
Ndawayang'ana. Ayang'anana.
"Kodi amayi ankati chiyani?" wafunsa Prafulla.

Ndikukumbuka mfundo ija, ndi fungo la utsi.
Koma mawu akewo khoti silingawalandire,
ndi aang'ono kwambiri.
Ndalemba nambala.

Kalaliki wadinda.
Akuti abwerenso mwezi wa Novembala.