Chingwe cha ku Limbe

Chaka chatha ndinamangira khonje.
Chiperoni chitagona pa phiri la Bangwe masiku anayi
khonjelo linafumbwa, n'kuduka usiku.
M'mawa ndinapeza matimati anga
ali chafufumimba m'matope,
nkhono zili pa phwando.

Ndiye lero ndili mumsika wa Limbe,
pa benchi ya Che Ajibu,
pakati pa misomali, maloko ndi misampha ya makoswe.
Andipatsa cha buluu, chotchipa.
Ndachikoka, chatamuka ngati chingamu.
"Chimenecho dzuwa la Okutobala limatafuna,"
avomera okha, ataona nkhope yanga.
Awerama, atulutsa china pansi pa tebulo:
nayiloni wakuda, wopota patatu.
Ndaluma. Dzino labwerera.
Ndakulunga pa chala, ndakoka
mpaka chala chachita dzanzi.

Mtengo wake wameza ndalama ya minibasi.
Basi, ndikwera chitunda wapansi.

Kuseri kwa bafa nsungwi khumi ndi zinayi zikudikira.
Ndidula mikono iwiri iwiri,
nsonga ndiwotcha ndi machesi kuti zisamasuke,
kautsi konunkha pulasitiki.
Mfundo yolimba ipite pa nsungwi.
Pa tsinde ayi.
Pa tsinde ndisiya mpata wolowa chala,
poti mmera umanenepa usiku, iwe uli mtulo,
ndipo chingwe chosaduka
chimadziwanso kupotokola khosi.

Manja abiriwira, akununkha masamba.
Chotsalacho ndabisa m'chitini cha penti,
chifukwa a Nasibeko, a nyumba yoyandikana,
ayamba kale kusuzumira pa mpanda,
m'manja muli beseni la zochapa.