Jekete ya pa Kaunjika

Ndinaigula Lachinayi pa Kamuzu Road,
pansi pa mulu wa kaunjika:
jekete yofiira, kumsana dzina loti Torunn Vassbotn,
m'thumba kansalu ka nambala 47
ndi mendulo yakuda ngati khobidi lakale.

Mphunzitsi Chikakuda anaitembenuza nati,
"Uyu ngwa ku Norway. Amathamanga pa chipale chofewa,
matabwa kumapazi, ndodo ziwiri m'manja.
Menduloyi nja wachitatu."

Wachitatu.
Ndiye kuti awiri anakusiya, Torunn,
ukuona misana yawo ikuchepa m'nkhalango yoyera,
mpweya ukucheka pakhosi.

Ine chipalecho sindichidziwa.
Ndimadziwa msewu wa ku Lifuwu,
mayi ndi thumba lake la mpunga pakaliyala,
ntchafu zikuyaka, njinga zamoto zikundipitirira
osaliza ndi hutala yomwe.

Unasiya liti? Linali bondo?
Kapena unangotopa nako kuweruzidwa ndi wotchi?

Ku Salima kutentha si masewera,
jekete imakhalira pa msomali.
Koma mu Juni, mwera ukawomba m'bandakucha,
ndimaivala,
n'kupalasa ngati kutsogoloku kuli awiri
oti ndiwapeze.