Kwa Zelita, Wolandira Nambala Seveni

Zelita, tenga malayawa.
Seveni wayamba kumatuka kumsana,
ndinamusoka kawiri ndi ulusi wakuda
poti wofiira unasowa mu Ulongwe monse.
Si ako. Sanali anganso.
Ukachapa usayanike pa waya waminga,
Loweruka abwere atauma.

Bwalo lathu waliona kale:
simenti yong'aluka chakumadzulo,
mkombero umodzi wopendekeka ngati ukumvetsera miseche.
Woyamba kufika ndiye asesa.
Usadikire kuuzidwa, tsache lili kuseri kwa ofesi.
Kamwala kamodzi kanagwetsa Odeti,
mpaka lero bondo lake limalosera mvula.

Purofesora Kamphambe salankhula kawiri.
Akati m'mawa, ndi m'mawa wa Juni,
chifunga chisanachoke m'minda ya kachewere,
zala zitauma gwa, mpira ukuluma m'manja.
Ukachedwa sathamangitsa iwe.
Amathamangitsa ife,
iwe utakhala pansi kuwerenga maulendo athu.
Ndinawerengapo khumi ndi asanu.
Sindinachedwenso.

Tsono mvera ichi, chimene sindinauze ngakhale amayi.
Chaka chatha ndinapeza eyiti pa Kimika.
Eyiti pa twente. Lamulo limati teni.
Ndinalira, ndinati: a Purofesora,
dzanja lamanzere ngati langali ali nalo ndani m'boma lino?
Iwo anati: dzanja lomwelo ligwire cholembera.

Tinakwera shapa wa ku Tete,
kutsika mapiri, majuzi akuvulidwa limodzilimodzi,
kudutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha,
Zambezi ali phee pansi pa mlatho,
ine nditapakata chigubu cha madzi ngati khanda.
Mphindi makumi anayi pa benchi yootcha ntchafu.
Tinagonja ndi mapointi awiri.
Awiri, Zelita.
Ndinali nawo m'dzanja ili,
ndinawasiya m'kope lomwe sindinatsegule.
Pobwerera palibe ananditukwana.
Felizarda anangondigawira malambe ake,
ndipo anandikakamira pakhosi mpaka pa Zobwe.

Ukalowa, maso akhale pa anzako.
Anthu adzakuwa dzina lako,
anyamata a njinga zamoto adzaimba mluzu pa mpanda,
koma dzina silitchinga mdani.
Patsira.
Ngakhale kwa uyo munakangana naye dzulo chifukwa cha sopo,
ngati ali poyera, patsira.
Woimbira akalakwitsa, ndipo adzalakwitsa,
luma lilime, kweza manja, bwerera kukatchinga.
Mukapambana, kapereke moni kwa ogonja
usanayambe kuvina.

Mnzako akasowa masiku awiri
usamufunse pa foni. Pita.
Tomaziya tinam'peza pamsika, kuseri kwa milu ya tomato,
amayi ake ali gone kuchipatala.
Tinagawana masiku, aliyense madzulo ake,
kugulitsa titavala nsapato zosewerera,
kuti iye asaiwale kulemera kwa mpira.
Izi sizinalembedwe pa pepala la malamulo lija
lomatidwa pa chitseko, limene mvula inafufuta theka.

Masiku a mwezi akafika usabisale,
uza Felizarda, ali ndi kachikwama.
Wina akayamba kukulonjeza nsapato zatsopano
mongonong'ona, pamdima,
uza tonse.

Chatsala n'chiyani?
Mpope ndi wa njinga ya alonda, umabwezedwa ndi zikomo.
Singano yake ili m'kabokosi ka machesi,
ukaitaya, mu Angonia muno mulibe ina.
Mpira wathu umaphwa usiku,
palibe adziwa pomwe mpweya umathawira.
Mawa upope ndiwe.

Ine mayeso andiyandikira, ndikupita.
Pa Kimika ndili pa fotini tsopano, usaseke.
Tavala tione.

Akukukulira m'mapewa.
Asiye choncho, usawabweze.
Inenso anandikulira.